Paulendo wa njinga zamoto m'mapiri, gulu lizidikira wakumbuyo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga okonda njinga zamoto kudzera patsamba lanuli, makamaka amene akusunga ndalama kuti tsiku lina akayende pagulu m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri a kunja. Ndakwera njinga yamoto kwa zaka 11. Mwezi wa Julayi chaka chatha ndinagwa pamsewu wa Stelvio ku Italy, ndili m'gulu la anthu asanu ndi anayi. Fupa silinathyoke, koma mpaka lero kukazizira phazi langa lakumanja limawawa. Msewu unali wouma, njinga inali yabwinobwino, ndipo ine sindinamwe kanthu. Ndinagwa chifukwa ndinkaopa kutsalira anzanga.

Ulendowo unayambira ku Innsbruck, m'dziko la Austria, kumene kampani ina inatibwereketsa njinga n'kutipatsanso wotitsogolera. Anali mnyamata waulemu, wobadwira m'mapiri momwemo, ndipo makona onse ankawadziwa ngati khomo la nyumba yake. M'mawa woyamba anatisonkhanitsa kwa mphindi khumi. Anatiuza kumene tizithira mafuta, kumene tizigona, ndi malo abwino ojambulirako zithunzi. Anaona malaisensi athu ndi ziphaso zoyendetsera kunja, anationetsa kathumba ka mabandeji kamene lamulo la ku Austria limafuna kuti wanjinga yamoto aliyense akhale nako, n'kutikumbutsa kuti pakagwa ngozi nambala yoimba ndi 112. Zonsezo zinali zofunika. Koma funso limodzi sanalifunse: ndani pakati panu anakwerapo phiri lokhala ndi makona obwerera m'mbuyo? Nanenso sindinadziulule. Ndinayang'ana anzanga aja, majekete awo opauka ndi dzuwa, nsapato zawo zoperepeseka m'mbali chifukwa chokhudza phula popendekera, ndipo manyazi ananditseka pakamwa.

Tsiku loyambalo mtima wanga wonse unali pa chinthu chimodzi, kuyenda kudzanja lamanja. Kwa amene tinazolowera kumanzere, vuto silikhala pamsewu wodzaza magalimoto, chifukwa pamenepo umangotsata ena. Vuto limabwera ukaima, wamwa madzi, wacheza, kenako ukutulukira pamsewu wopanda kanthu. Thupi limapita lokha kumene linazolowera. Ndinamanga kansalu kofiira pagalasi lakumanja kuti kazindikumbutsa, ndipo kanandithandiza kawiri tsiku lomwelo. Paraundabauti napo pamafunika kuganiza kawiri, chifukwa umazungulira mbali imene sunazolowere ndipo galimoto yokuopseza ikuchokera kumanzere kwako.

Tinadutsa ku Landeck, n'kukwera mpaka pa Reschen, pamene tinalowera m'dziko la Italy. Kumeneko kuli nyanja yochita kutseka ndi damu, ndipo pakati pa madzi pakuoneka nsanja ya tchalitchi ya mudzi wa Graun, umene unamizidwa mu 1950. Tinaima pamenepo kanthawi. Ndikukumbukira kuti ndinafika womaliza kupatula mayi wina wachikulire wa ku Germany amene ankatseka gulu, ndipo ndisanavule n'komwe magolovesi, akutsogolo anali atavala kale zipewa zawo kuti tizipita. Iwo anapuma mphindi khumi, ine ndinapuma ziwiri. Zinachitikanso choncho poima paliponse. Wofooka pagulu ndi amene amapuma pang'ono kuposa onse, ndipo kutopa kwake kumaunjikana mpaka madzulo.

Ndifotokoze za Stelvio, kuti amene sanauonepo amvetse. Msewuwu unamangidwa pakati pa 1820 ndi 1825, nthawi imene dera limenelo linali m'manja mwa ufumu wa Austria, ndipo anaukonza ndi injiniya Carlo Donegani. Anaukonzera ngolo zokokedwa ndi akavalo. Pamwamba pake m'pokwera mamita 2757. Ukachokera ku Prato allo Stelvio umakwera mamita pafupifupi 1800 pamtunda wa makilomita osakwana 25, ndipo pali makona 48 obwerera m'mbuyo, ililonse ndi nambala yake, kuyambira 48 kumunsi mpaka 1 pamwamba. Poyamba msewu umayenda m'nkhalango, m'mbali mwa mtsinje. Ukapitirira kamudzi ka Trafoi mitengo imayamba kuchepa, kenako imatheratu, ndipo ukakweza maso umaona msewu utapindidwapindidwa pakhoma la phiri ngati chingwe, chakumanzereko kuli phiri la Ortler ndi chipale chake chosasungunuka. Kukongola kwake sindingakukane. Ndinamva misozi m'kati mwa chipewa.

Koma kona yobwerera m'mbuyo si kona wamba. Umalowa ukuyang'ana kum'mawa, n'kutuluka ukuyang'ana kumadzulo, pamalo ochepa ngati bwalo la nyumba, uku msewu ukukwera. M'dziko loyenda kumanja, yovuta kwambiri pokwera ndi yokhotera kumanja, chifukwa mbali yako ndi yam'kati, yothina ndiponso yotsetsereka kuposa yakunja. Pamafunika kuchepetsa liwiro usanalowe, kutsitsa giya kufika yoyamba kapena yachiwiri, kutembenuza mutu wonse n'kuyang'ana kumene ukufuna kutulukira, kusunga injini ikukoka pang'onopang'ono, kugwira kilachi pakatikati ngati pakufunika, phazi lili pabuleki yakumbuyo mopepuka. Buleki yakutsogolo suifinya njinga itapendekera ndiponso chiwongolero chitakhota, chifukwa ukatero umagwa pomwepo. Ndipo usanalowe umayenera kusuzumira kumtunda kuti uone chimene chikutsika, chifukwa basi kapena galimoto yaikulu ya anthu okaona malo singakhote pamenepo osadya mbali yako. Zonsezi ndinkazidziwa m'mutu. Koma kuzichita ka 48 motsatizana, manja atazizira, mpweya utachepa, ndi nkhani ina.

Tsono apa ndi pamene pali chimene ndakulemberani, Akonzi. Gulu la njinga likamayenda m'makona limatambasuka ndi kufupika ngati lamba wa mphira. Wotsogolera akatuluka pakona amawonjezera moto nthawi yomweyo, pamene wachiwiri akadali m'kati. Wachiwiriyo akatuluka amapeza mpata wakula, ndiye amathamanga pang'ono kuposa woyamba kuti autseke. Wachitatu amathamanga kuposa wachiwiri. Pofika kwa wachisanu ndi chitatu, munthu akuthamanga kwambiri kuposa wotsogolera, n'kufika pakona yotsatira ndi liwiro limene wotsogolerayo sanafike nalo. Ndipo kawirikawiri amene timawaika kumbuyo ndi osazolowera aja. Choncho wosadziwa ndi amene amayenda mothamanga kwambiri, pamene katswiri kutsogolo akuona ngati gulu lonse likuyenda mofatsa. Katswiriyo akamanena madzulo kuti sanathamange amakhala akunena zoona. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma m'makona a m'phiri palibe anthu awiri amene amayambira limodzi.

Ine ndinali wachisanu ndi chitatu. Pamwamba pa Trafoi, mitengo itatha, galimoto ina inalowa pakati pa ine ndi amene anali patsogolo panga. Pamene ndinkaipitirira, anzanga anali atakwera kale makona awiri. Ndinkawaona pamwamba panga, nyali zawo zofiira zikuzimiririka. Mumtima munabwera zinthu ziwiri: manyazi akuti andidikiranso, ndi mantha akuti pamwamba pakakhala mphambano sindidziwa kolowera, chifukwa njira yonse inali m'mutu mwa wotsogolera yekha. Ndinakoka moto. Ndinafika pakona yokhotera kumanja ndili m'giya yachiwiri, ndikuthamanga kuposa mmene ndikanathera kukhota, ndipo sindinasuzumire kumtunda. Njinga inapita kunja, n'kudutsa pakati pa msewu. Galimoto yoyera inali kutsika. Maso anga anakakamira pa galimotoyo m'malo moyang'ana kotulukira, ndipo njinga imapita kumene maso akuyang'ana. Woyendetsayo anaima, Mulungu amudalitse. Ine ndinafinya buleki yakutsogolo. Ndinangozindikira ndili pansi, njinga yolemera makilogalamu oposa 200 itandipsinja phazi, mutu wanga uli pafupi ndi thayala la galimoto ija.

Anandichotsa njingayo ndi mayi wa ku Germany uja pamodzi ndi woyendetsa galimotoyo. Mayiwa anayamba aimika njinga yawo pamalo oonekera, n'kuyatsa maindiketa onse kuti otsika asatigunde, kenako n'kubwera kwa ine. Sanandikalipire. Anandiuza kuti ndisavule nsapato kaye, anandifunsa dzina langa ndi tsiku kuti aone ngati mutu uli bwino, n'kundikhazika pakakhoma ka m'mbali mwa msewu mpaka manja anasiya kunjenjemera. Nsapato zazitali zokwerera njinga ndi zimene zinapulumutsa phazi langa, ndipo amene akuganiza zopita ndi nsapato wamba aganizenso. Anzathu asanu ndi awiri aja anakafika pamwamba osadziwa kanthu. Anadziwa patapita mphindi pafupifupi makumi awiri, wotsogolera atawerenga njinga n'kupeza kuti zaperewera ziwiri.

Makona otsalawo ndinawakwera m'giya yoyamba, mayi aja ali kumbuyo kwanga, atandiuza kuti ndisayang'ane pagalasi ngakhale kamodzi chifukwa iwo sakupita kulikonse. Chodabwitsa n'chakuti makona amenewo ndi amene ndinawakhota bwino kuposa onse a tsikulo.

Usiku umenewo m'tauni ya Bormio, kutsidya kwa phirilo, tinakambirana, ndipo nkhani inali yotentha. Bambo wina ananena mosabisa kuti analipira ndalama zambiri kuti adzasangalale ndi makona, osati kudzakwawa kumbuyo kwa munthu wophunzira. Mawuwo anandilasa, koma sindinganene kuti analakwa. Munthu wazolowera mapiri ukamukakamiza kuyenda pang'onopang'ono tsiku lonse amatopa, maganizo amachoka pamsewu, ndipo nayenso akhoza kuchita ngozi. Wotsogolera anati iye ankayang'ana pagalasi nthawi zonse. Ndi zoona, koma m'makona otere galasi limangokuonetsa munthu mmodzi kapena awiri, ena onse ali kuseri kwa thanthwe.

Mayi aja ndi amene anatipatsa njira, imene anati magulu ambiri amaigwiritsa ntchito. Wotsogolera amakhala yemweyo, wotseka gulu amakhalanso yemweyo, ndipo awiriwa sasintha malo. Gulu likafika pamphambano, amene ali wachiwiri amaima pamalo otetezeka, pooneka bwino, n'kumalozera ena kolowera. Sachoka pamenepo mpaka ataona wotseka gulu, ngakhale padutse mphindi khumi ndi zisanu. Akatero amalowa kutsogolo kwa wotsekayo, ndipo pamphambano yotsatira amaima wina amene tsopano wakhala wachiwiri. Pakati pa mphambano ndi mphambano aliyense amayenda liwiro lake. Wothamanga amaloledwa kupitirira mnzake pamalo oongoka, mnzakeyo atamupatsa mpata, osati pakona. Mapeto ake othamanga aja ndi amene amaima kawirikawiri chifukwa amafika msanga kutsogolo, ndipo amasangalala chifukwa nthawi iliyonse akuyambiranso kumbuyo. Wapang'onopang'ono sasochera, chifukwa pamphambano iliyonse apeza munthu akumudikira. Tinagwirizananso kuti aliyense alembe papepala mayina a matauni a tsikulo ndi dzina la kogona, aike njira mufoni yake, ndiponso kuti nthawi yopuma iziyamba kuwerengedwa womaliza akavula chipewa.

M'mawa mwake phazi linali litatupa koma linkalowa munsapato, ndipo dokotala atandiona anandilola kupitiriza. Tinakwera Gavia, kuchokera ku Bormio kudzera ku Santa Caterina mpaka kutsikira ku Ponte di Legno. Pamwamba pa msewu umenewu m'pokwera mamita oposa 2600, ndipo mbali yotsikira kum'mwera ndi yopapatiza moti malo ena magalimoto awiri sangapatukirane, komanso malo ena alibe chotchinga kuphompho. Ndi woopsa kuposa Stelvio. Koma ndinauyenda mtima uli m'malo, chifukwa panalibe nyali yofiira yoti ndiithamangire. Ndinaona nyanja zing'onozing'ono za pamwamba, ndinamva mabelu a ng'ombe, zinthu zimene dzulo lake sindikanaziona n'komwe. Ndipo pamphambano ya kumunsi ndinapeza bambo amene anadandaula aja ataima, dzanja lili m'mwamba, akundilozera njira.

Pali zina zimene ndinaphunzira zimene ndingozitchula mwachidule. Pamsewu woongoka gulu limatha kuyenda mosinthanasinthana, wina chakumanja wina chakumanzere kwa mbali yathu yomweyo, koma makona akayamba aliyense amafunika msewu wonse wa mbali yake, ndiye mumayenda mondondozana, mpata wa masekondi osachepera awiri kapena atatu. Pakona yokhotera kumanzere matayala akhoza kukhala mbali yako pamene mutu ndi phewa zalowa kale mbali ya obwera, choncho usamatire pamzere wapakati. Potsika phiri lalitali usadalire mabuleki okha, amatentha n'kuyamba kufooka. Tsitsa giya injini ikuthandize. Kuzizira nako kumanyenga: ukakwera mamita 1000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye munthu amene wanyamuka kuchigwa thukuta lili kamukamu amafika pamwamba zala zitauma, zosamva kilachi. Ndipo misewu imeneyi imatsekedwa nyengo yachisanu, moti ngakhale mu Juni ndi bwino kufunsa kaye ngati yatsegulidwa.

Koma pali chinthu china chimene ndikufuna ndichedwepo pang'ono, chifukwa chimachokera muzu womwewo. Gulu limapatsa munthu mtima umene sakhala nawo akakhala yekha. Tikakhala asanu ndi anayi timayamba kuona ngati msewu ndi wathu. Pa Stelvio pamakwera anthu ambiri a njinga zakapalasa, chifukwa phirili ndi lotchuka pa mpikisano wa Giro d'Italia kuyambira 1953, pamene katswiri wopalasa njinga Fausto Coppi analikwera patsogolo pa onse. Munthu amene wapalasa maola awiri kukwera phiri amayenda mopepesuka, ndipo njinga zamoto zisanu ndi zinayi zikamudutsa pafupi, imodzi pambuyo pa inzake, aliyense akungotsata mnzake osaona yekha ngati mpata ulipo, moyo wake umakhala pachiswe. Woyamba akapitirira galimoto, sizitanthauza kuti wachinayi nayenso angapitirire. Aliyense aone ndi maso ake.

Kulinso eni midzi. Ife timadutsa kamodzi n'kumapita, iwo amamva phokoso lathu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chilimwe chonse, likuwirikiza m'zigwa. Ku Tyrol, m'dziko la Austria, kuyambira 2020 misewu ina ya m'mapiri, kuphatikizapo wa Hahntennjoch, ndi yoletsedwa nyengo yotentha kwa njinga zimene phokoso lake lolembedwa m'mapepala limapitirira madesibelo 95 njinga itaima. Anzanga ena amati lamuloli ndi lokondera. Ine nditagona usiku umodzi m'kamudzi ka m'mbali mwa msewu wotere, zenera lili lotsekula, ndinawamvetsa anthu aja. Polowa m'mudzi tizitsitsa moto, tiziyenda m'giya yapamwamba kuti injini isalire, ndipo amene akubwereka njinga afunse nambala ya phokosoyo asanasaine.

Sindikulemba kuti ndiopseze munthu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo amene ali ndi mwayi wopita apite. Masiku otsatira tinazungulira mapiri a Dolomites, tinakwera Pordoi pa mamita 2239, ndipo pomaliza tinabwerera ku Austria n'kudzera msewu wolipira wa Grossglockner, umene unatsegulidwa mu 1935, wa makilomita 48 ndi makona 36, wotakasuka bwino moti ndikanakonda tikanayambira kumeneko kuti manja azolowere tisanakakumane ndi Stelvio. Limenelonso ndi dandaulo langa kwa okonza maulendo: msewu wovuta kwambiri asauike tsiku loyamba, anthu asanazolowere njinga zobwereka, asanazolowere mbali ya msewu, ena tulo ta m'ndege tisanawathere.

Kwa otsogolera magulu, pempho langa ndi ili. Funsani munthu aliyense payekha, osati pamaso pa anzake, kuti anakwerapo misewu yotani, chifukwa pagulu palibe mwamuna kapena mkazi amene adzakweze dzanja kunena kuti ndine wosadziwa. Nenani ndi pakamwa panu, m'mawa uliwonse, kuti palibe amene adzasiyidwe ndipo palibe amene ayenera kuthamangira mnzake. Gulu likapitirira anthu asanu ndi atatu ligaweni pawiri. Kumbuyo ikani munthu wodziwa kwambiri, wokhala ndi nambala ya foni yanu, osati amene wangotsala. Kwa amene mukulowa gulu la anthu osawadziwa, musanalipire funsani kuti pamphambano amachita bwanji, amatseka gulu ndani, ndipo tsiku loyamba mukwera phiri liti. Akakuyankhani kuti musadandaule, muzingotsata wakutsogolo, ndalama zanu zibwezereni m'thumba.

Nditabwerako ndinailembera kampani ija kalata, osati yofuna kubwezeredwa kanthu, chifukwa amene anafinya buleki ndine ndipo zokonzetsera njinga ndinalipira ndekha. Ndinawapempha kuti pafomu yawo yolembetsera awonjezerepo funso limodzi lokhudza makona a m'mapiri, ndiponso kuti njira yoima pamphambano ija aziyamba nayo tsiku loyamba, asadikire kuti wina agwe. Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Sabata yatha ndinawalemberanso kachiwiri.

Ndine wowerenga wanu,
Wokwera njinga yamoto